Nyumba ndi yanu, nthaka ndi ya wina: kodi trailer park n'chiyani, nanga imayendetsedwa bwanji?

Funso: Ndakhala ku Indiana, m'dziko la America, zaka zinayi ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndatopa ndi kulipira lendi ya fulati. Mnzanga wa kuntchito wandionetsa nyumba ya zipinda zogona zitatu imene ikugulitsidwa madola 38,000 mu trailer park ina kunja kwa tauni, koma akuti ngakhale ndigule ndizilipirabe lendi mwezi ndi mwezi. Abale kumudzi atamva akudandaula kuti ndikufuna kukakhala m'kalavani. Kodi trailer park kwenikweni n'chiyani, amaiyendetsa ndani, nanga zimatheka bwanji kuti munthu azilipira lendi pa nyumba yake yomwe?

Yankho: Mayi, ndiyambira pa funso lanu lomaliza, chifukwa likayankhidwa limeneli enawo savutanso. Malo amatchedwa trailer park pamene munthu mmodzi kapena kampani imodzi ili ndi nthaka yaikulu, yaigawa m'mapoloti ang'onoang'ono, yalambula misewu ndi kukokera madzi, magetsi ndi mapaipi a suweji pa poloti iliyonse, kenaka n'kumachititsa lendi mapolotiwo kwa anthu amene amadzakhazikapo nyumba zopangidwa ku fakitale. Nyumba imakhala ya wokhalamo, koma nthaka imene yakhalapo ndi ya mwini paki, ndipo lendi imene mnzanuyo akunena, imene eni dziko amaitcha lot rent, ndi ya nthakayo pamodzi ndi zonse zimene zinakwiriridwa m'menemo. Choncho mukagula mudzakhala mwini nyumba komanso munthu wa lendi pa nthawi imodzimodzi, ndipo zokoma ndi zowawa zonse za moyo wa m'malo amenewa zimachokera pa kugawikana kumeneku. Amene anakhalako ku Zingwangwa kapena ku Area 25, kumene munthu amapatsidwa poloti, n'kumanga yekha nyumba, koma n'kumaperekabe ndalama ya malo chaka ndi chaka, akhoza kuzimvetsa msanga, kungoti ku America mwini nthakayo kawirikawiri amakhala wabizinesi amene akufuna phindu, osati khonsolo.

Abale akumudzi sakulakwitsa kwenikweni potchula kalavani, pakuti nkhaniyi inachokeradi kumeneko. Galimoto zitayamba kuchuluka, anthu okonda maulendo anayamba kukoka timangolo togonamo, ndipo mu 1919 ena mwa iwo anakhazikitsa gulu lawo lotchedwa Tin Can Tourists mumzinda wa Tampa ku Florida. Matauni ndi anthu wamba anatsegula malo oti apaulendowa aziimikapo usiku. Chuma chitagwa m'zaka za m'ma 1930, anthu amene analandidwa nyumba anayamba kukhaliratu m'timangoloti, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma lenilenilo linagula makalavani zikwizikwi oti muzigona ogwira ntchito m'mafakitale a zida. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1954, pamene Elmer Frey wa ku Wisconsin anapanga nyumba yokokedwa ya mamita atatu m'lifupi, imene inali yaikulu moti galimoto ya banja sikanatha kuikoka, koma imene inalola kuti mukhale kanjira kodutsa m'mbali mwa zipinda, munthu osachita kupyola kuchipinda kwa mnzake popita kubafa. Kuyambira pamenepo njira zinagawikana. Makalavani enieni a maulendo anapitirira, ndipo ambiri mwa iwo amapangidwa kwanu komweko, ku Elkhart, pamene nyumba zokhalamo zinanka zikula ndi kulemera kufikira zinasiya kuyenda. Dzina lokha loti trailer ndi limene linatsalira.

Masiku ano lamulo limasiyanitsa zinthu ziwirizi momveka bwino. Mu 1974 nyumba ya malamulo ya ku Washington inakhazikitsa lamulo la kapangidwe ndi chitetezo cha nyumbazi, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 15 June 1976 pansi pa unduna woona za nyumba umene umadziwika kuti HUD. Malinga ndi lamuloli, nyumba yotere ndi imene yamangidwa pa chasisi yachitsulo yosachotseka, ndipo ndi yosachepera mamita 2.4 m'lifupi kapena mamita 12 m'litali pamene ili pamsewu, kapena masikweya mita 30 ikakhazikidwa. Iliyonse yopangidwa kuyambira tsiku limenelo imakhala ndi kachitsulo kofiira kokhomedwa kunja, kumapeto kwa chigawo chilichonse cha nyumbayo, komanso pepala lomatidwa m'kati, nthawi zambiri m'kabati ya kukhitchini kapena pafupi ndi bokosi la magetsi, lonena tsiku limene inapangidwa ndi mphamvu ya mphepo ndi chipale imene ingapirire. Zopangidwa tsikuli lisanafike ndizo zimatchedwa mobile home, pamene zatsopanozi dzina lake la boma ndi manufactured home. Kusiyana kumeneku sikongokometsera mawu, chifukwa mabanki ambiri, makampani a inshulansi ndi mapaki ena safuna n'komwe kumva za nyumba ya chaka cha 1976 chisanafike. Anthu pafupifupi 22 miliyoni ku America amakhala m'nyumba zopangidwa ku fakitale, ndipo mapaki alipo pafupifupi 43,000, ngakhale kuti ambiri mwa anthuwa anakhazika nyumba zawo pa nthaka yawoyawo, ndipo amenewo nkhani ya lendi ya poloti siiwakhudza. Ku Indiana, malo amene pali nyumba zotere zisanu kapena kuposerapo amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku nthambi ya zaumoyo ya boma la chigawocho, imene imayang'anira madzi, suweji ndi ukhondo.

Munthu akaonerera mmene nyumba yotere amaikhazikira, amamvetsa chifukwa chake ndikunena kuti inasiya kuyenda. Yaing'ono, imene amati single-wide, imabwera yathunthu, yotalika mwina mpaka mamita 24 koma yopapatiza, mamita anayi kapena asanu. Yaikulu, double-wide, imabwera m'zigawo ziwiri pa malole awiri, mbali yotseguka ya chigawo chilichonse itakutidwa ndi pulasitiki, galimoto ya nyali zothwanima ili patsogolo kuchenjeza anthu pamsewu. Ikafika pa poloti amainyamula ndi majeki, n'kusanja mabuloko a simenti pansi pa chasisi, wina akuyeza ndi levulo kuti pasapendekeke, chifukwa ikapendekeka pang'ono pokha zitseko zimayamba kukana kutsekeka ndipo makoma amang'aluka m'makona. Zigawo ziwirizo amazilumikiza ndi mabauti m'denga ndi pansi, amachotsa matayala, maekiselo ndi chokokera cha kutsogolo, amakhoma zikhomo zazitali zachitsulo m'nthaka n'kumangirirapo chasisi ndi malamba achitsulo, kenaka amalumikiza madzi, gasi, magetsi ndi suweji. Pomaliza amatchinga mpata wa pansi ndi timalata kapena pulasitiki yolimba kuzungulira nyumba yonse, kuti mphepo yozizira ndi tinyama zisalowe. Pakapita zaka mwini wake amawonjezera khonde, masitepe, kashedi ka galimoto ndi kadimba ka maluwa. Kuti zonsezi zimasulidwe ndi kukakhazikidwanso kwina pamafunika madola zikwi zingapo, kawirikawiri pakati pa 5,000 ndi 10,000 kapenanso kuposa, ndipo nyumba yakale ikhoza kuthyokera panjira, kapena kupezeka kuti palibe paki ina imene ikuilandira.

Bwalo lalikulu la milandu la dziko la America linavomereza mfundo imeneyi mu 1992, pa mlandu wa Yee ndi mzinda wa Escondido ku California. Eni paki ena anakasuma kuti lamulo la mzindawo loletsa kukweza lendi mwachisawawa likufanana ndi kuwalanda nthaka yawo. Bwalo linakana dandaulo limenelo, ndipo m'chigamulo chimene analemba woweruza Sandra Day O'Connor munanenedwa kuti pa nyumba 100 zoterezi ndi imodzi yokha imene imadzasunthidwapo, ndi kuti wofuna kuchoka amangoigulitsa ili pomwepo, wogulayo n'kupitiriza kulipira lendi ya poloti. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya mwini paki. Wokhala m'fulati ngati inu, lendi ikakwera amalongedza masutikesi n'kukasaka kwina, koma mwini nyumba ya m'paki sangasamuke popanda kutaya chuma chake chachikulu, ndipo mwini nthaka amadziwa zimenezo.

Tsopano za kayendetsedwe. M'mapaki ambiri mulibe komiti ya anthu okhalamo imene ili ndi mphamvu, mulibenso mfumu kapena khansala wa pamalopo. Wolamula ndi mwini nthaka, ndipo maso ake ndi manijala, amene nthawi zambiri amakhala momwemo, m'nyumba yoyandikana ndi chipata, ndipo gawo la malipiro ake limakhala poloti yaulere. Manijala ndiye amatolera lendi kumayambiriro kwa mwezi, amaitana okonza mapaipi akaphulika, amaonetsetsa kuti chipale chachotsedwa m'misewu, amafufuza mbiri ya ofuna kulowa, ndipo ndiyenso amamata zikalata za chenjezo pa zitseko. Ntchito zimagawidwa motere: misewu, nyali za panja, mapaipi akuluakulu, mitengo ikuluikulu ndi malo osewerera ana ndi za mwini paki, pamene denga lodontha, chotenthetsera madzi, pansi powola ndi udzu wa pa poloti ndi za inu. Mkangano umabuka kawirikawiri pa malire a ziwirizi, makamaka paipi ikatsekeka kapena ikaundana pansi pa nyumba, aliyense n'kumati vuto lili mbali ya mnzake. Mapaki ambiri anamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo ena ali ndi mijigo yawoyawo ndi maenje a suweji awoawo amene akalamba, moti ubwino wa madzi a m'kapu mwanu umadalira ngati mwini paki amalola kuwononga ndalama pa zinthu zimene sizioneka.

Pali zikalata ziwiri zimene zimalamulira moyo wa m'paki. Choyamba ndi mgwirizano wa lendi, umene ungakhale wa chaka kapena wa mwezi ndi mwezi, ndipo wa mwezi ndi mweziwo ndi umene umamuika munthu pa mpeni, chifukwa ukhoza kusinthidwa kapena kuthetsedwa ndi chidziwitso chachifupi. Chachiwiri ndi malamulo a paki, amene nthawi zina amadzaza masamba khumi kapena kuposerapo. M'menemo mumalembedwa kutalika kumene udzu usapitirire, chiwerengero ndi mtundu wa agalu ololedwa, galimoto zingati ziime pa poloti, kuti musakonzere galimoto pabwalo, ngati mungayanike zovala panja, mtundu wa penti, ndiponso masiku amene mlendo angagone asanalembetsedwe ku ofesi. Lamulo la alendoli muliwerenge kawiri, chifukwa kwa ife mlendo wochokera kumudzi sabwera kudzakhala sabata imodzi, ndipo mayi anu atabwera kudzakuthandizani miyezi itatu akhoza kuwerengedwa ngati wokhalamo wosaloledwa. Malamulo amenewa sindikuwanyoza onse, pakuti m'malo amene nyumba zatalikirana mamita ochepa okha, galu wolusa wa mnzanu kapena zinyalala zake zimakhala vuto lanu lomwe, ndipo paki yopanda malamulo imawonongeka msanga. Choipa chimabwera pamene malamulo asanduka chikwapu, manijala n'kumawagwiritsa ntchito pa amene wadandaula za madzi, koma kumulekerera amene amangokhala chete.

Pamwamba pa lendi pamabweranso timalipiro tina timene ogula ambiri saziwerengera: madzi ndi suweji zimene kale zinali m'kati mwa lendi koma tsopano paki yaika mamita ake, ndalama yotayira zinyalala, ya chiweto chilichonse, ndi chindapusa cha kuchedwa kulipira. Munthu akalephera kulipira, amathamangitsidwa pa poloti kudzera kukhoti, koma nyumba imatsala pomwepo chifukwa alibe ndalama yoisunthira. Ikakhala kwa nthawi osaichotsa, malamulo a m'zigawo zambiri amalola mwini paki kuitenga ngati katundu wosiyidwa kapena ngati chikole cha ngongole ya lendi, ndipo amaigulitsanso kapena kuichititsa lendi kwa wina. Ngongole ya miyezi iwiri kapena itatu ikhoza kumeza nyumba imene munthu anailipira zaka khumi.

Nkhani ya umwini wa nyumbayo nayonso ili ndi zake. Pamaso pa lamulo, nyumba yokhala pa poloti ya lendi imawerengedwa ngati katundu wosunthika, m'gulu limodzi ndi galimoto, ndipo chikalata chake cha umwini chimafanana ndi bulubuku. Ku Indiana chimatuluka ku Bureau of Motor Vehicles, ofesi yomweyo imene imapereka malayisensi oyendetsera galimoto, ndipo dzina lisanasinthidwe pamafunika chilolezo cha msungichuma wa county (boma laling'ono la m'dera lanu) chotsimikiza kuti msonkho wa nyumbayo unalipidwa wonse. Zotsatira zake n'zakuti simungapeze ngongole ya nyumba ya zaka 30 ya chiwongoladzanja chotsika imene anthu ogula nyumba za pa maziko amapeza. Mumapatsidwa ngongole yotchedwa chattel loan, ya zaka zocheperapo, ya chiwongoladzanja chokwera, ndipo mukalephera kubweza, kulanda kwake kumakhala kwachangu kuposa kwa nyumba wamba. Obwereketsa ngongole zoterezi ndi ochepa, ndipo awiri akuluakulu, 21st Mortgage ndi Vanderbilt Mortgage, ndi a kampani ya Clayton Homes, imene ndiyonso imapanga nyumba zoterezi zambiri kuposa ina iliyonse, ndipo inagulidwa ndi kampani ya Berkshire Hathaway ya Warren Buffett mu 2003. Muyeneranso kudziwa kuti chimene chimakwera mtengo pa nyumba zambiri ndi nthaka, ndipo inu nthakayo simukugula. Choonjezera apo, lendi ya poloti ikakwera mtengo wa nyumba yanu umatsika, chifukwa wodzagula amawerengera zonse pamodzi, ndipo ndalama imene akapereke ku ofesi ya paki ndi imene adzaichotse pa mtengo umene angakupatseni.

Kwa zaka zambiri mapaki anali a mabanja, bambo amene anagawa munda wake m'mapoloti makumi asanu, amadziwa aliyense ndi dzina, ndipo ankakweza lendi pang'onopang'ono chifukwa ankakumana ndi anthuwo kutchalitchi. Eni amenewa akukalamba, ana awo akugulitsa, ndipo ogula ndi makampani akuluakulu ndi magulu oika ndalama m'mabizinesi. Equity LifeStyle Properties ya ku Chicago, imene anaikuza ndi Sam Zell, ndi Sun Communities ya ku Michigan, iliyonse ili ndi malo mazanamazana. Chimene chimawakopa n'chosavuta kuchiwerengera. Tiyerekeze paki ya mapoloti 100: kukweza lendi ndi madola 50 okha pamwezi kumabweretsa madola 60,000 owonjezera pachaka, popanda kumanga kanthu kalikonse, ndipo pafupifupi aliyense amalipira chifukwa kusamuka n'kodula kuposa kupirira. Komanso opikisana nawo sabwera, poti makhonsolo ambiri salolanso kutsegula mapaki atsopano, mwina chifukwa anthu a nyumba zodula safuna kuyandikana nawo, mwina chifukwa msonkho umene amabweretsa ndi wochepa. Frank Rolfe, mmodzi mwa eni mapaki ambiri amenenso amaphunzitsa anthu bizinesi imeneyi, anayerekezapo paki ndi malo odyera amene makasitomala ake anamangiriridwa ku mipando ndi unyolo, ndipo ngakhale mawuwo anakwiyitsa anthu, sananame. Kunena chilungamo, makampani ena akagula amakonzadi misewu ndi mapaipi amene mwini wakale anawalekerera, koma amene amalipira zokonzazo ndi okhalamo omwewo.

Chitetezo chimene wokhalamo ali nacho chimadalira chigawo chimene ali, chifukwa boma la ku Washington limalamulira kapangidwe ka nyumba, osati ubale wa mwini paki ndi anthu ake. California ili ndi lamulo lapadera limene limatchula zifukwa zochepa zokha zothamangitsira munthu, limafuna chidziwitso cha masiku 90 lendi isanakwere, ndipo mizinda yambiri kumeneko imaika malire a kakwezedwe. Florida nayo imafuna masiku 90. Indiana ili mbali ina: lamulo la chigawocho sililola mizinda kuika malire a lendi, choncho chimene chingakutetezeni kwambiri ndi zimene zalembedwa mu mgwirizano wanu. Ngozi yaikulu kuposa zonse ndi kutsekedwa kwa paki. Mzinda ukamakula, nthaka imene kale inali kutchire imasanduka ya mtengo wapatali, mwini wake n'kuigulitsa kwa omanga masitolo kapena mafulati, ndipo mabanja onse amapatsidwa miyezi yowerengeka kuti achotse nyumba zimene sizingachoke. Paki imene yazunguliridwa ndi zomangamanga zatsopano, imene mwini wake wasiya kukonza zinthu ndipo sakulandiranso anthu atsopano pa mapoloti opanda kanthu, imakhala ikuuza munthu wa maso zimene zikubwera.

Pali mtundu wina wa kayendetsedwe umene ine ndimauona kuti ndi wabwino kuposa yonse kwa munthu wa ndalama zochepa. Mu 1984, mabanja 13 a m'paki ina yaing'ono ku Meredith, m'chigawo cha New Hampshire, ataona kuti malo awo agulitsidwa, anapanga kopaletivi, n'kubwereka ndalama ku bungwe la New Hampshire Community Loan Fund, n'kugula nthakayo okha. Njira imeneyi inafalikira m'chigawo chonsecho, ndipo mu 2008 kunakhazikitsidwa bungwe la ROC USA kuti liifikitse m'dziko lonse, moti lero mapaki oposa 300 amayenda motere mothandizidwa ndi bungweli. M'paki ya kopaletivi banja lililonse limagula sheya imodzi ya mtengo wochepa ndipo limakhala ndi voti imodzi. Mamembala amasankha komiti, amavomereza bajeti pa msonkhano wa pachaka, ndipo lendi ya poloti imakhalapobe, koma imapita kukabweza ngongole ya nthaka, kukonza mapaipi ndi kusunga ndalama ya padzidzidzi. Mutu umodzi susenza denga, komabe musaganize kuti kumeneko kulibe mavuto. Lendi nthawi zina imakwera poyamba kuti ngongole ibwezedwe, misonkhano imatenga madzulo a anthu otopa kale ndi ntchito, ndipo palibe chowawa ngati komiti kukakamizika kuthamangitsa mnansi amene wasiya kulipira. Phindu lake ndi lakuti palibe amene angagulitse nthaka anthu ali m'tulo. Zigawo zina, monga New Hampshire ndi Colorado, zinaika lamulo loti mwini paki akafuna kugulitsa ayambe wadziwitsa okhalamo ndi kuwapatsa nthawi yoti apereke mtengo wawo. Palinso malo ena amene munthu amagula poloti yeniyeniyo, monga Trailer Estates ku Bradenton ku Florida, imene inayamba mu 1955, ndipo amenewo amangofanana ndi trailer park m'maonekedwe okha.

Mukamafufuza mudzaonanso mapaki olembedwa kuti 55+. Lamulo loletsa tsankho pa nyumba silola kukana mabanja a ana, koma lamulo lina la 1995 limapatula malo a achikulire, malinga ngati nyumba 80 pa 100 zilizonse zili ndi munthu wa zaka 55 kapena kuposerapo. Ambiri mwa mapaki amenewa, makamaka ku Florida ndi ku Arizona, ali ndi madamu osambira ndi maholo a zisangalalo, ndipo ku Paradise Cove ku Malibu nyumba za m'paki zimagulidwa madola mamiliyoni. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha mawu achipongwe amene Amereka ena amanenera anthu a m'mapaki, ngati kuti onse ndi zidakwa ndi mbava. Amene mudzawapeze m'menemo ndi opuma pa ntchito, oyendetsa malole, ogwira ntchito m'mafakitale, osamalira odwala ngati inu, ndi mabanja ambiri ochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Abale anu a ku Britain angakuuzeni kuti nakonso ziliko, amazitcha park homes, ndipo kumeneko mwini malo amatenga mpaka 10 pa 100 iliyonse ya mtengo nyumba ikagulitsidwa.

Za mphepo siziyenera kudumphidwa, makamaka kwa wokhala ku Indiana. Mphepo yamkuntho ya Andrew itasesa nyumba zoterezi kum'mwera kwa Florida mu 1992, boma linakhwimitsa malamulo a kapangidwe mu 1994, ndipo nyumba zatsopano zomangiriridwa bwino zimapirira kuposa zakale. Koma kamvulumvulu wamphamvu wa mtundu wa tornado salabadira malamba achitsulo. Usiku wa pa 6 November 2005, cha m'ma 2 koloko anthu ali m'tulo, mphepo yotere inadutsa m'paki ina ku Evansville, kum'mwera kwa Indiana, n'kupha anthu pafupifupi 20 m'paki imodzi yokhayo, ndipo pambuyo pake chigawocho chinakhazikitsa lamulo loti nyumba zokhazikidwa m'mapaki zizikhala ndi wailesi yochenjeza za nyengo. Chenjezo likalira, m'nyumba yotere simukhalidwa, choncho muyenera kudziwiratu ngati paki ili ndi chipinda cholimba chothawirako, ndiponso amene amasunga kiyi wake usiku.

Kodi ndiye mugule kapena ayi? Sindingakuletseni, chifukwa kwa munthu amene sangakwanitse nyumba ya pa maziko, zipinda zitatu, kabwalo kanukanu ndi makoma osagawana ndi mnansi pa madola 38,000 si chinthu chochepa, ndipo ngakhale mutaphatikiza lendi ya poloti, ngongole, inshulansi ndi msonkho, zikhoza kutsikabe poyerekeza ndi fulati. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za nkhaniyi zambiri zili m'nthaka, osati m'nyumba. Musanapereke ndalama iliyonse, pitani ku ofesi ya paki mukapemphe mgwirizano wa lendi ndi malamulo onse olembedwa, mufunse dzina la mwini weniweni ndi chaka chimene anagula, ndiponso lendi imene inu mudzalipire, chifukwa kawirikawiri wogula watsopano amayambira pa mtengo wokwera kuposa umene wogulitsa anali kulipira. Mulembetse ndi kuvomerezedwa ndi paki musanagule nyumba, pakuti alipo amene anagula kaye n'kukanidwa poloti pambuyo pake. Kenaka mubwerenso madzulo a Loweruka popanda manijala, muyende wapansi, muone ngati m'misewu muli zithaphwi zonunkha, ndipo mufunse anthu atatu kapena anayi amene akhalamo nthawi yaitali kuti lendi inali zingati zaka zisanu zapitazo ndi kuti madzi amasiya kangati pachaka.

Pa nyumba yeniyeniyo, onani kachitsulo kofiira kaja ndi pepala la m'kabati kuti mudziwe chaka chake, mutsimikize kuti dzina la pa chikalata cha umwini ndi la amene akukugulitsaniyo ndi kuti palibe wobwereketsa amene analembedwapo, ndipo mulipire munthu wodziwa nyumba zoterezi kuti akwawire pansi ndi tochi. Ayang'ane ngati chinsalu chakuda chotchinga pansi chinang'ambika, ngati malamba achitsulo anachita dzimbiri, ndi ngati mapaipi anakulungidwa ndi waya wotenthetsa kuti asaundane mu January. Inuyo mupondeponde mwamphamvu pafupi ndi chimbudzi, pansi pa mawindo ndi pakhomo la kumbuyo, chifukwa matabwa a pansi m'nyumba zakale akanyowa amafewa ngati buledi, ndipo ogulitsa ena amangoyalapo kapeti yatsopano.